Mbiri ya mbuzi ndi nyama yake: timaweta zambiri, timadya bwanji?

Lero ndati tikambirane za mbuzi. Mabuku a mbiri amene timaphunzitsira adadzaza ndi mafumu, nkhondo, amishonale ndi atsamunda, koma chiweto chimene chidalipirira ambiri a ife fizi, chimene chimathetsa milandu kubwalo la amfumu ndi kudyetsa adzukulu pamaliro, sichitchulidwa n'komwe. Funso langa ndi ili: dziko lathu lili ndi mbuzi zochuluka, ndipo nyama yake ili ndi zinthu zimene matupi a ana athu akusowa, nanga zidatani kuti ana ambiri a m'mabanja oweta mbuzi azilawa nyamayi kawiri kapena katatu kokha pachaka? Yankho lake lili m'mbiri, choncho tiyambire komweko.

Mbuzi ndi chimodzi mwa ziweto zoyambirira zimene munthu adaweta. Akatswiri ofukula zakale adapeza umboni wake m'mapiri a Zagros, m'dziko limene lero ndi Iran, pamalo otchedwa Ganj Dareh. Mafupa a pamalopa ndi a zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Mu 2000, Melinda Zeder ndi Brian Hesse adaonetsa kuti anthu a kumeneko ankapha atonde akadali aang'ono n'kumasunga zazikazi mpaka zitakalamba. Mlenje sachita zotero, amapha chimene wakumana nacho. Wosankha chonchi ndi mlimi wa ziweto, ndipo nzeru yomweyi ndi imene agogo athu amatsatira lero: mbuzi yaikazi yobereka siiphedwa wamba.

Kuchokera kumeneko mbuzi zidalowa mu Africa kudzera kumpoto chakum'mawa zaka zoposa 7,000 zapitazo, n'kumatsika pang'onopang'ono ndi abusa. Kuno kwathu ulimi, ziweto ndi luso losula zitsulo zidafika ndi anthu olankhula zinenero za Chibantu m'zaka mazana oyambirira Yesu atabadwa. Mapale a miphika ya anthu amenewa adafukulidwa ku Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndi Keith Robinson m'zaka za m'ma 1960. Pambuyo pake Yusuf Juwayeyi adafukula ku Mankhamba, likulu lakale la Amaravi kufupi ndi Mtakataka, ndipo pakati pa mikanda, minyanga ya njovu ndi mapale adapezanso mafupa a ziweto pamodzi ndi a nyama zakutchire. Izi zikutiuza kuti makolo athu ankaweta, koma ankadaliranso kwambiri uzimba. Tchire linali ndi nyama, nyanja ndi mitsinje zinali ndi nsomba, choncho panalibe chifukwa chothamangira kukhola tsiku lililonse.

Chidakweza mbuzi pamwamba pa ng'ombe m'madera ambiri ndi kashembe. Ntchentche imeneyi imafalitsa tizilombo topha ng'ombe, tomwenso mtundu wake wina umayambitsa kaodzera kwa anthu. Kumene kunali kashembe wambiri, monga m'zigwa ndi m'madera ena a m'mbali mwa nyanja, kuweta ng'ombe kunali kovuta. Mbuzi zathu zamakolo, zazing'onozing'ono zija, zimapirira kuposa ng'ombe, zimadya masamba a zitsamba m'chilimwe udzu ukauma, zimatenga bere miyezi isanu yokha ndipo nthawi zina zimaswa mapasa. Angoni a Zwangendaba, amene adawoloka Zambezi mu 1835, anali anthu a ng'ombe, koma ngakhale ng'ombe zawo zidaona zakuda pamene mliri wa rinderpest udalowa mu Africa cha m'ma 1887 ndi ng'ombe zimene Ataliyana adabweretsa ku Eritrea. Mliriwu udafika kumpoto kwa nyanja yathu cha m'ma 1892 ndipo udawoloka Zambezi mu 1896. Kumene udadutsa udapha ng'ombe pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse, pamodzi ndi njati ndi nyama zina zakutchire. Mbuzi sizidafe ngati mmene zidafera ng'ombe, motero m'makola ambiri zotsala zinali zomwezo. Nthenda ya rinderpest idalengezedwa kuti yatheratu padziko lonse mu 2011.

M'zaka zomwezo za m'ma 1890 boma la atsamunda lidayambitsa msonkho wa nyumba, ndipo lidayambanso kuika malamulo oletsa kusaka ndi kupatula nkhalango zosungirako nyama. Taonani zimene zidachitika pamenepa. Nyama yakutchire idachepa ndi mliri, yotsalayo idatchingidwa ndi lamulo, ndipo nthawi yomweyo banja lililonse lidayamba kufuna ndalama. Mmene ndikuonera ine, apa ndi pamene mbuzi idakhazikika ngati banki ya munthu wakumudzi. Kale lomwe inali chuma cholipira chindapusa ndi kupepesera mlandu, koma tsopano idasandukanso ya msonkho, ya nsalu, kenako ya fizi ndi ya feteleza. Munthu sadya banki yake. Amaipha pakagwa maliro, paukwati, pachinamwali, pofika mlendo wolemekezeka, pa Khirisimasi kapena pa Idi ya nsembe kwa abale athu achisilamu. Mwambi uja wakuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi ukuonetsa kale kumene mbuzi imathera: kumsika.

Palinso chifukwa china chimene timachiiwala ife a m'tauni. Nkhuku imatha pa chakudya chimodzi. Mbuzi yathunthu banja limodzi silingaimalize isadaonongeke, ndipo kumudzi kulibe firiji. Choncho mbuzi imaphedwa pakakhala khamu la anthu oti aidye, kapena eni ake amawamba yotsalayo pamoto. Kudya nyama ya mbuzi mwa apo ndi apo sikudayambe chifukwa cha umbuli, monga ena amanenera. Kudayamba chifukwa cha kuwerengera bwino kwa anthu osauka.

Kodi kadyedwe kotereka kadawachita chiyani matupi a anthu? Azungu adayamba kufunsa funsoli mochedwa. Mu 1933 dokotala Cicely Williams, akugwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, adalemba za nthenda ya ana otupikana, osuluka tsitsi, amene ankangodya phala la chimanga atasiyitsidwa kuyamwa. Mu 1935 adaitchula ndi dzina la anthu a komweko, kwashiorkor. Kuno ku Nyasaland kafukufuku wamkulu wa zakudya adayamba mu 1938 motsogozedwa ndi dokotala B. S. Platt, m'midzi ya m'boma la Kota Kota, wina wa kumapiri, wina wa m'munsi mwa mapiri, wina wa kunyanja. M'gulu lake munali Margaret Read, katswiri wa chikhalidwe cha Angoni, ndi Jessie Barker, amene pambuyo pake adadziwika ndi dzina lakuti Jessie Williamson ndipo adalemba buku la zomera zothandiza za dziko lino. Iwo ankayeza chimene chalowa mumphika tsiku ndi tsiku, ndipo chithunzi chimene adapeza tonse tikuchidziwa: nsima yambiri, ndiwo zamasamba ndi nyemba, nsomba kwa a kunyanja, nyama mwa kamodzikamodzi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse idasokoneza ntchitoyi, ndipo zolemba zake zidadzasindikizidwa ngati buku mu 1992, patatha zaka zoposa 50.

Njala zikuluzikulu nazo zidaonetsa kuti mbuzi ndi banki ndithu, koma banki yake ili ndi chilema. Amene tidaona njala ya 2002, chaka chimene Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, tikukumbukira kuti aliyense adatulutsa ziweto nthawi imodzi. Mtengo wa chimanga udakwera kangapo pamene mtengo wa mbuzi udagwa pansi, kotero kuti chiweto chimene chikadagula thumba lathunthu chinkagula ndowa yosadzaza. Patapita zaka zochepa, kalembera wa zaulimi ndi ziweto wa 2006/07 adapeza mbuzi pafupifupi 2.6 miliyoni kwa alimi ang'onoang'ono, pamene ng'ombe zinali zosakwana 900,000. Mbuzi zitatu pa ng'ombe imodzi iliyonse. Kuyambira nthawi imeneyo mabungwe ndi boma akhala akugawa mbuzi zopatsirana, kuti ikaswa mwana apite kwa mnzako, ndipo ena adabweretsa atonde a mtundu wa Boer ochokera ku South Africa kuti akulitse zathuzi.

Tsopano tione chimene chili m'nyamayo. Malinga ndi ziwerengero za dipatimenti ya zaulimi ya ku America, magalamu 100 a nyama ya mbuzi yootcha, yopanda mafuta oonekera, ali ndi mapuloteni okwana magalamu 27, mafuta magalamu 3 okha, ayironi mamiligalamu 3.7, zinki mamiligalamu oposa 5, ndi theka la vitamini B12 amene munthu wamkulu amafuna patsiku. Magalamu 100 ndi nthuli zitatu kapena zinayi zapakatikati. Mafuta ndi ochepa kuyerekeza ndi nyama ya nkhumba, ya nkhosa ngakhale ya ng'ombe yonenepa, chifukwa mbuzi imasunga mafuta ake ambiri m'mimba, mozungulira impso ndi matumbo, osati m'kati mwa mnofu. N'chifukwa chake mnofu wa mbuzi umauma msanga pamoto, pamene nthumbwana zimayandama mafuta.

Mapuloteni timawapeza ndithu mu nyemba, nandolo, soya ndi mtedza. Chimene nyama ikuposera zimenezi ndi ayironi, zinki ndi B12. Vitamini B12 sapezeka mwachilengedwe m'chimanga, m'nyemba kapena m'masamba, amachokera ku zakudya zanyama, mazira, mkaka ndi nsomba. Ayironi wa m'nyama thupi limamuyamwa mosavuta kuposa wa m'masamba ndi nyemba, ndipo kanyama pang'ono m'mbale kamathandiza thupi kuyamwanso bwino ayironi wa m'ndiwo zinazo. Vuto la chimanga ndi nyemba n'lakuti zili ndi chinthu chotchedwa phytate, chimene chimamanga zinki ndi ayironi m'matumbo kuti zisalowe m'magazi. Rosalind Gibson ndi anzake adafufuza nkhani imeneyi pakati pa ana a m'midzi ya kum'mwera kwa dziko lino m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mwana akhoza kukhuta nsima tsiku lililonse koma thupi lake n'kumasowabe zinthu zimenezi.

Ziwerengero zathu zikuchitira umboni. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ana 63 mwa 100 anali ochepa magazi, ndiponso mayi mmodzi mwa atatu aliwonse anali wochepa magazi. Kafukufuku wina wa nthawi yomweyo, woyeza magazi, adapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 anali operewera zinki. Tisanamizane kuti zonsezi zingathe ndi nyama. Kuchepa kwa magazi kumabweranso ndi malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo, ndipo kupinimbira kumayenda ndi kutsegula m'mimba ndi madzi oipa. Komabe chakudya chili ndi gawo lake, ndipo ife aphunzitsi timaona zotsatira zake: mwana wasukulu wotopa, wosinza isadakwane 10 koloko, mtsikana wa Fomu 2 wochita chizungulire pa asembule.

Apa pali nkhani imene mwambo wathu uyenera kuiyang'ana m'maso. Bambo wamkulu amafuna ayironi mamiligalamu 8 patsiku. Mayi wa msinkhu wobereka amafuna 18, woyembekezera 27, ndipo khanda la miyezi 7 mpaka 12 limafuna 11, kuposa bambo ake. Tsono mbuzi ikaphedwa, chiwindi ndi mnofu wabwino zimapita m'mbale ya ndani? M'mabanja ambiri zimayamba kupita kwa abambo ndi alendo aamuna. Amayi amene aphika amadya zotsala, ndipo mwana wamng'ono amathiriridwa msuzi chifukwa akuti alibe mano. Msuzi uli ndi fungo ndi mchere, koma ayironi ndi zinki zimatsala m'nthuli. Amene akufuna pang'ono ndiye amalandira zambiri. Chonsecho nyama yophika bwino ikhoza kusinjidwa kapena kunyenyedwa n'kuisakaniza m'phala la mwana kuyambira ali ndi miyezi 6. Kachidutswa ka chiwindi kali ndi ayironi ndi vitamini A wochuluka, moti pang'ono pokha n'pokwanira. Amayi oyembekezera okha asachulutse chiwindi, chifukwa vitamini A akapyola muyezo angavulaze mwana wosabadwayo.

Tibwere kwa ife olandira malipiro. Mbiri yatembenuka m'zaka zapitazi. Pamalo ochitira malonda aliwonse pali chiwaya, ndipo mbuzi imene kale inkadikira maliro lero ikuphedwa m'mawa uliwonse n'kugulitsidwa ngati kanyenya. Ili ndi dalitso mbali ina, chifukwa munthu angathe kugula nyama ya ndalama zochepa osapha chiweto chake. Koma kanyenya wambiri amadyedwa ndi amuna, chiimirire, kutali ndi nyumba, atamuviika mumchere ndi tsabola, nthawi zambiri motsagana ndi mowa. Ndamva anzanga ambiri akunena kuti nyama ya mbuzi imakweza BP kapena kuti imadzutsa matenda akale. Chikhulupiriro chofanana nacho chilinso ku Okinawa ku Japan, kumene amakonda msuzi wa mbuzi. Akatswiri a payunivesite ya Ryukyus kumeneko adayesa pa makoswe, ndipo mu 2014 adalemba kuti chokweza magazi chinali mchere wothiridwa m'nyamamo. Khoswe si munthu, inde, koma za mchere tikuzidziwa bwino ngakhale pa anthu. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kosadzaza. Kafukufuku wa 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa.

Nyama ya mbuzi ili m'gulu la nyama yofiira, limodzi ndi ya ng'ombe, nkhumba ndi nkhosa. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa idati nyama yofiira mwina imayambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo, ndipo idati pa nyama zokonzedwa monga soseji ndi poloni umboni wake ndi wokwanira. Bungwe la World Cancer Research Fund limalangiza kuti nyama yofiira yophika isapyole magalamu 350 mpaka 500 pa sabata. Nyama yopserera pamakala kapena yokazingidwa m'mafuta odetsedwa obwerezabwereza imatulutsa zinthu zina zoipa. Odwala gout, nthenda yotupitsa mfundo za zala ndi mapazi, amavutika akadya zam'kati ndi kumwa mowa. Ndiye onani mmene zilili: kumudzi kuli mwana amene sakwanitsa magalamu 500 ngakhale pa miyezi ingapo, pamene m'tauni muli amalume ake amene amamaliza muyezo umenewu Loweruka limodzi.

Mbiri ya matenda ochokera ku mbuzi nayo ikutikhudza. Mu 1887 dokotala wa asilikali a Britain, David Bruce, adapeza kachilombo koyambitsa nthenda yotentha thupi imene inkagwira asilikali pachilumba cha Malta. Mu 1905 dokotala wa komweko, Themistocles Zammit, adapeza kuti gwero lake linali mkaka wa mbuzi wosawiritsa, ndipo asilikali atauleka nthendayo idatsika. Lero imatchedwa brucellosis potengera dzina la Bruce. Bruce yemweyo adadzafika kuno, n'kukhala ku Kasu m'boma la Dowa, kutsogolera gulu lofufuza kaodzera lomwe lidagwira ntchito pakati pa 1911 ndi 1914. Phunziro la ku Malta n'losavuta: mkaka wa mbuzi uwiritsidwe, ndipo mbuzi ikataya bere tisagwire zotulukazo ndi manja opanda kanthu. Choopsa china ndi anthrax, imene idavuta kwambiri ku Zambia mu 2023. Mbuzi yofa yokha mwadzidzidzi, makamaka yotuluka magazi m'mphuno kapena kumbuyo, isasendedwe ndipo isadyedwe. Aitanidwe mlangizi wa ziweto. Ndikudziwa kuti kwa banja losauka kukwirira nyama n'kowawa, koma anthu ambiri amatenga anthrax posenda ndi pogawana nyama yotere. Nyama ipse mpaka m'kati, ndipo amayi oyembekezera asadye yofiirira, chifukwa cha kachilombo ka toxoplasma kamene kamavulaza mwana m'mimba.

Kodi ndikunena kuti alimi aphe mbuzi zawo n'kudya? Ayi. Mbiri taionayi ikusonyeza kuti amene amasunga mbuzi ngati banki ali ndi zifukwa zomveka. Ndalama za mbuzi imodzi zingagule usipa, bonya kapena mazira odya banja milungu yambiri, ndipo tinsomba todyedwa ndi mitu ndi minga yomwe tili ndi ayironi, zinki ndi kashiamu. Ngumbi, mbewa ndi mphalabungu nazo zili m'gulu lomwelo la zakudya zanyama pa magulu asanu ndi limodzi aja amene timaphunzitsa. Chofunika n'chakuti mwana azilandira kanthu kochokera m'gululi pafupipafupi, ngakhale pang'ono, m'malo modikira mbale yodzaza ya pa Khirisimasi. Ndipo mbuzi ikagulitsidwa, pandalama za feteleza ndi fizi papatulidweko za ndiwo.

Kwa aphunzitsi anzanga a Agriculture, Biology ndi Home Economics, pempho langa n'lakuti tikamaphunzitsa za mbuzi tisathere pa mitundu yake ndi kamangidwe ka khola. Tiwafunse ana kuti kwawo mbuzi yomaliza idaphedwa liti, chifukwa chiyani, ndipo chiwindi adadya ndani. Ife a History tingawatume akafunse agogo awo kuti mbuzi inkagula chiyani m'nthawi ya atsamunda, m'nthawi ya Kamuzu ndi m'njala ya 2002, ndipo adzabwera ndi mbiri ya chuma cha mudzi wawo imene silembedwa m'buku lililonse.

Kwa inu ana anga akale amene tsopano muli pantchito, ambiri a inu mumatumiza ndalama kumudzi kuti akagule mbuzi ya chikondwerero. Pitirizani, n'chinthu chabwino. Koma mukafika, yang'anani mbale ya ana ndi ya alamu anu oyamwitsa isadachoke ya alendo. Ndipo inuyo, pobwerera, kayezetseni BP musanaime pachiwaya.